Kumanzere kwa Tsamba

Lachitatu, 30 Julaye

Andilola kugwira cholembera lero. Ndinagonekedwa m'chipatala muno Lamlungu, koma za masiku oyambawo sindikukumbukapo kanthu. Mkazi wanga Kajori akuti ndinagwa pampando ndikusongola pensulo. Madokotala akuti ndi sitiroko. Mwendo ndi mkono wakumanzere zangoti lobodo ngati za munthu wina. Koma dzanja lamanja lili bwinobwino! Nditangotsitsimuka ndinalifumbata, kulitambasula, kulifumbatanso, n'kuyamba kuseka mpaka namwino anabwera kudzaona ngati mutu wasokonekera. Asadabwe. Ine Nilratan Bagchi ndadyera dzanja limeneli moyo wanga wonse, kujambulira ana nthano za zithunzi.

Kuthamanga kwa magazi 170/100. Asipirini m'mawa. Piritsi la magazi m'mawa ndi madzulo, la mafuta a m'magazi pogona. Diripi achotsa.

Nthano ya mwana wotchedwa Jhumri ndi mbuzi yake sinathe, ndipo a Bimal-babu, mkonzi wathu, akufuna masamba omaliza pa 20 Ogasiti kuti alowe m'magazini ya chikondwerero cha Puja. Chiyambireni sitinaphonyepo Puja. Ndauza Kajori abweretse thabwa langa lojambulirapo ndi mapensulo.

Lachinayi, 31 Julaye

Mvula sikukata. Mazenera atseka, fani ikungozunguza fungo la mankhwala.

Lamulo langa ndi lakuti tsiku lisayambe ndisanajambule nkhope ya munthu wamoyo. Kunyumba ndimatsikira pa kashopu ka tiyi ka pa Shyambazar, n'kumaba nkhope za anthu odikira teramu, sitima yoyenda mumsewu ija. Dzanja lili ngati mbuzi, ukalimasula tsiku limodzi umakaligwira kumunda kwa eni. Muno nkhope zilipo zaulere, ndipo sizithawa.

Ndayambira mnzanga wa bedi lakumanja, a Siraj Mollah. Anali kondakitala wa teramu, shuga yawadya chala cha kuphazi, koma pakamwa siinawakhudze. Amanditchula Dada, kutanthauza achimwene. Atachiona chithunzicho anati, "Dada, mphunoyi ndi yanga ndithu, sindingaikane. Nanga khutu linalo mwasungira mawa?"

Ndinati, "Siraj-bhai, inu ponyani maso pa matikiti. Zojambula tisiyireni eni ake."

Masana ndinakalipa kuti atipatsa mpunga ndi mphodza popanda nsomba. A Siraj anati nsomba ilipo. Ndinati ili kuti? Anatambasula mkono n'kutembenuza mbale yanga, nsomba iyo! Namwino ayenera kuti anaiika ine ndikuyang'ana kumbali.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Magazi 160/95. Chithunzi cha ubongo chatuluka.

Abwera a dokotala Sanyal, mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga ndikanakhala naye. Anandipatsa pepala nati, "Bagchi-babu, tandijambulirani wotchi."

Wotchi! Ine ndajambulapo bwato likumira ndi ukwati wonse, oimba ng'oma ali momwemo. Ndinawajambulira kuti nkhani ithe. Anaiyang'ana nati manambala onse ndawapanikiza mbali imodzi.

Ndilembe monga ananenera. Mtsempha unatsekeka mbali yakumanja kwa ubongo. Maso anga alibe vuto. Koma ubongo wasiya kulabadira chilichonse cha kumanzere: mbale, pepala, chipinda, ngakhale thupi langa lomwe. Choipa chake n'chakuti wodwalayo sadziwa kuti pali chosowa, amaona ngati zonse zilipo. Ena zimabwerera, ena pang'ono chabe.

Ndinati, "Amayi, munthu amene wathera zaka makumi atatu akuyang'ana mapepala angalephere kudziwa pothera pepala?" Anangoti tiona. Akuti kumanzere kwa bedi langa kuli zenera. Mwina lilipo, ine za mazenera sindikuzifuna.

Loweruka, 2 Ogasiti

Kajori wabweretsa thabwa, mapensulo ndi supu wa papaya wopanda mchere. Supu ameneyu akanapatsidwa mbuzi ya Jhumri, ikanakasuma kukhoti. Wakhala pampando pakati pa ine ndi a Siraj, ndipo iwo ayamba kale kumutchula Boudi ngati ndi mlamu wawo weniweni, kuti azilawa nawo zam'kontena.

Ife ntchito timagwira chonchi chikwatiranireni. Ine ndimagawa tsamba m'timabokosi n'kujambula ndi pensulo. Kajori amadutsamo ndi inki, burashi pa tsitsi ndi pa zovala, cholembera pa nkhope. Inki ikauma amafufuta pensulo yonse, kenako amalemba mawu. Ine inki sindiikhudza, ndimathimbiriza. Iye amati pepala loyera limamuopsa, sangayambe yekha mzere, amangotsata wanga. Ndipo lamulo loyamba la ntchito yathu ndi ili: woyamba kulankhula amaima kumanzere, woyankha kumanja, chifukwa diso la mwana limayenda choncho.

Ndamaliza tsamba lathunthu lero, dzanja likungothamanga. Kajori analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinati, "Iwe, wameza lilime?"

"Lili bwino," anatero, n'kuliika m'chikwama.

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsamba labwera lili ndi inki. Koma abale! Jhumri akuthamanga pamsika, mbuzi ili ndi nkhata ya maluwa kukamwa, wogulitsa maluwa akuithamangitsa ndi ambulera. Ndinaliyang'ana mowongoka, ndinalipendeketsa, ndinalizondotsa, palibe chosowa. Makutu onse alipo.

Ndinadikira a dokotala Sanyal n'kuwaonetsa. "Wodwala wanu uja amene sadziwa pothera pepala, nayu." Anayang'ana tsambalo, anayang'ana Kajori, Kajori n'kumakonza chivindikiro cha kontena. Anati n'lokongola. Ndiye kugonja kwa madokotala kumeneko, sanena zambiri.

Mtima wanga uli m'malo kwa nthawi yoyamba chilowereni muno. Mwendo ungapite, ndidzagula ndodo. Magazi 150/90.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Thupi latentha kuyambira dzulo. Akuti ndi matenda a m'chikhodzodzo. Jakisoni m'mawa ndi madzulo. Ndajambula namwino atawerama kukonza diripi ya munthu wina. Mphamvu ndilibe.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kutentha kwatsika. Andiimiritsa anthu awiri, mwendo wanjenjemera koma wapirira. Mkulu wa bedi la pakhomo, amene ankaitana mayi ake tsiku lonse, amutulutsa m'mawa atamufunditsa mpaka kumutu.

Madzulo abwera a Bimal-babu ndi bokosi la zotsekemera za mkaka zija, sandesh, ngati sadziwa kuti muno theka la anthu ndi a shuga. A Siraj adya ziwiri namwino atatembenuka. A Bimal-babu alandira kale masamba atsopano ndipo akuti akondwa kwambiri. "Nilratan-da, nkhope ya amake a Jhumri ija, pomwe akufunsa wapolisi za mwana wawo. Ndinavula magalasi kupukuta maso. Zaka zonsezi simunawajambulepo choncho. Matendawa akukomerani!"

Tinaseka tonse. Koma atapita ndinatenga tsambalo kwa Kajori. Mayiyo waima kumanzere, wagwira mphonje ya nsalu yake ya sari pakamwa, maso ali pansi. Ine mayi ameneyu ndimamujambula manja ali m'chiuno nthawi zonse. Wamanja m'chiuno ndiye ndimamudziwa. Uyu sindikukumbuka kuti ndinamujambula.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndauza Kajori kuti tsamba lotsatira adutsemo inki koma asafufute pensulo, ndikufuna kuona. Anati, "Inu, mukumva? Imwani supu asanazizire."

Lamlungu, 10 Ogasiti

Walibweretsa lofufutafufuta, loyera mbee. Akuti anaiwala. Kajori saiwala ngakhale tsiku limene mphaka wa aneba anabereka.

Lolemba, 11 Ogasiti

Sindikudziwa ngati nditha kulemba izi.

M'mawa ndinajambula tsamba lina. Ndinaliyang'anitsitsa, linali lathunthu. Ndinalipereka kwa a Siraj n'kunena kuti, "Siraj-bhai, lichiteni zomwe mumachita ndi mbale yanga." Anakana, akuti iwo ndi wamatikiti chabe. Ndinawakalipira. Analizondotsa, mutu pansi, n'kulibweza pa thabwa.

Mayo ine! Theka la tsamba linali loyera. Pepala lokhalokha, losakhudzidwa. Jhumri ali ndi diso limodzi, tsaya limodzi, mkono umodzi. Mbuzi yathera pamimba. M'kabokosi kalikonse muli munthu wayasama kuyankha, wofunsayo mulibe. Ndinatulutsa zonse zomwe ndajambula muno, namwino, a Siraj, mkulu wa pakhomo uja, ndinazizondotsa chimodzichimodzi. Anthu atheka okhaokha. Za khutu lija a Siraj ankanena zoona.

Ndinazisonkhanitsa n'kudikira nthawi ya alendo.

Kajori atalowa ndinamuonetsa. Sanadabwe n'komwe, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima.

"Wakhala ukumalizitsa iwe?"

"Eya."

"Mayi uja ndi wako?"

"Munasiya chigongono chawo chokha. Ndinayambira pamenepo."

"Ndiye unandisiya ndikunyadira pamaso pa dokotala ngati chitsiru? Wodi yonse ikudziwa, ine ndekha ndi amene ndikuvina?"

"Munkadya," anatero. "Tsiku limene munaona tsamba lija munamaliza mpunga wonse. Ndikanati chiyani?"

Ndinanena zambiri. Ndinati zaka zonsezi amanama kuti satha kujambula, amadikira ndigwe. Ndinati atenge Jhumri, atenge mbuzi, atenge ndi a Bimal-babu omwe. Pomaliza ndinati, "Choka. Usabwerenso muno. Sindikufuna kukuona, ngakhale mawu ako sindikufuna kuwamva." Anatola kontena yadzulo, anasiya yalero, n'kutuluka. A Siraj anati, "Ha, Dada," n'kutembenukira kwina.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Sanabwere. Kontena yafika ndi namwino. Magazi 175/100, awonjezera piritsi la masana.

Sindinajambule nkhope lero. Ndi koyamba chimwalirireni bambo anga.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Sanabwere.

Latsala tsamba lomaliza. Ndi chithunzi chimodzi chachikulu. Jhumri ndi mbuzi afika kunyumba ali matope okhaokha atasowa tsiku lonse. Amake aima pakhomo, ndiwo oyamba kulankhula: "Unali kuti?" Choncho ayenera kukhala kumanzere. Ndaganiza zowasamutsira kumanja, koma ndiye mwana ayankha asanafunsidwe, ndipo kumanzereko ndiikeko chiyani, mphepo?

Ndilijambula ndekha. A dokotala Sanyal amata tepi yofiira m'mphepete mwa thabwa, akuti ndisanayambe mzere ndizifuna kaye tepiyo ndi maso. Ndimaifuna, ndimaipeza movutikira, khosi kuwawa. Pensulo ikangokhudza pepala tepi ija imasowa, ndipo sindizindikira kuti yasowa.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndayesa nzeru ina. Ndajambula theka, ndazondotsa pepala, ndajambula theka linalo mutu uli pansi. Nditalibweza, a Siraj sanathe kundinamiza. Akuti diso lina lili pamphumi, lina patsaya, ndipo amake a Jhumri akuoneka ngati agundidwa ndi teramu. Ndang'amba mapepala mpaka namwino wadandaula za zinyalala.

Ndawafunsa a dokotala kuti andiuze mosabisa. Andiyesanso wotchi, ndi kudula mizere pakati. Akuti kusintha kulipo koma n'kochepa, ndipo ambiri amene amachira msanga amakhala ataonetsa kale pofika pano. Ndidzaphunzira kudya, kumeta, kuwoloka msewu mosamala. Za kujambula tsamba lathunthu ndekha sangandilonjeze. Andiphunzitsa njira yopezera mkono wanga ukandisowa: kuika dzanja lamanja pachifuwa, kuliyendetsa mpaka paphewa lakumanzere, n'kutsika nalo.

Ndinawathokoza. Atachoka ndinafunda nsalu kumutu n'kulira ngati mwana wotayika pamsika. Dzanja ili ndinalisekerera lija lili bwinobwino, ndipo lilibe ntchito.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Tsiku la ufulu wa dziko lathu. Atigawira zotsekemera za laddu, a shuga awapatsa nthochi. Panja ana akuimba. Sanabwere. M'kontena munali nsomba yophika ndi nthochi zaziwisi, minga yonse yochotsedwa kale.

Ndamusowa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Magazi 155/90. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi ndi chogwirira. Ndagunda bedi la munthu ndi phewa.

Nthawi ya alendo ndimayang'ana mpando uja pakati pa ine ndi a Siraj. Akazi a anthu akulowa ndi makontena, maambulera akudontha. Ndapempha namwino aimbe foni kwa aneba, akuti kunyumba kulibe munthu madzulo alionse. Ndiye amapita kuti? Kwa mchemwali wake ku Howrah, kapena. Angachite bwino. Ine ndikanakhala iye sindikanabweranso.

Lolemba, 18 Ogasiti

A Siraj akukawadula chala mawa. Tsiku lonse anali chete, zomwe zinandiopsa kuposa matenda awo. Nthawi ya alendo itakwana, ine ndili ndwii pa pepala loyera, anakhosomola nati:

"Dada, mawa andigoneka tulo ta mankhwala, ndipo sindikufuna kupita ndi katundu wa eni. Boudi, mundikhululukire, ndalephera."

Ndinati, "Mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi akazi anu. Ali apo, kuzenera. Sanajombepo tsiku ndi limodzi lomwe. Amalowera khomo la kuseri, amakhala pamenepo mpaka belu lotulutsa alendo, osatsokomola n'komwe. Munati simukufuna kuwaona kapena kuwamva, ndiye anapeza malo ake."

Ndinayang'ana. Ndinaona mapazi a bedi langa, khoma, fani. Ndinati a Siraj asandiseweretse. Koma fungo la mafuta a kokonati ndinali ndikulimva masiku onsewa, n'kumati ndi mtima wanga ukundinamiza.

Ndinaika dzanja pachifuwa. Ndinaliyendetsa mpaka paphewa, ndinatsika pachigongono, ndinafika pa dzanja langa lakufa lija. Pamwamba pake panali dzanja lina, lofunda, lachikanga pa chala chapakati pomwe pamakhala burashi. Ndinalitsata ndi maso pang'onopang'ono, chibangiri, mkono, phewa, mpaka ndinamupeza. Waonda. Ndinamuona kanthawi kochepa, khosi linatopa, anasowanso.

"Ndilankhule?" anafunsa.

"Lankhula."

"Ndevu mwameta mbali imodzi. Sabata yonse ndakhala ndikuziyang'ana."

A Siraj anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinathe. Ndinati, "Kajori, za kumanzere zapita. Sizibweranso. Tenga pensulo ujambule tsamba lomalizali wekha, mayi uja umamutha kuposa ine."

Anazungulira bedi n'kudzakhala pomwe ndimamuona. Anati wayesa. Masiku onsewa kunyumba amayala pepala m'mawa, amakhala mpaka tiyi kuzizira, dzanja osayenda. "Sindinakunamizeni. Pepala loyera sindilitha. Pamafunika kanthu kanu, ngakhale chigongono."

Ndinajambula Jhumri ndi mbuzi, matope mpaka m'mawondo. Kenako ndinati ndimupatsa mzere umodzi wa khomo, kumapeto kwenikweni kumanzere, kuti adziwe poimika mayiyo. Ndinafuna tepi yofiira, ndinaipeza. Ndinapuma. Ndinakoka dzanja kupita kumanzere, kupitirira, kupitirirabe, mpaka pomwe pepala likuthera, pomwe kulibenso kanthu. Ndinatsitsa mzere wowongoka bwino.

"Ndafika kumapeto?"

Anayang'ana mzerewo, n'kuyang'ana ine.

"Usandinamize," ndinatero.

"Pamenepo m'pakati," anatero Kajori. Anapukuta maso ndi mphonje ya sari, n'kukokera thabwa kwa iye. "Bweretsani pensuloyo. Ndiyambira pomwepo."